Nyanja Yanga ya M'mgolo

Lolemba, 11 Okutobala

Kalata yafika. Insipekitala wa sukulu akubwera Lachisanu kuchokera ku Chinhoyi, kudzaonera phunziro langa limodzi basi. Akakondwa, ndikhalabe tichala wogwirizira pa sukulu yathu ya papulazi. Akapanda kukondwa, Januwale ndibwerera kushedi kukasankha fodya, zaka zisanu za choko zithere pomwepo. Mtima uli m'mwamba, mpando sukukhalika.

Koma mwayi ulipo! M'magazini imene madamu a bwana anataya ndapezamo nkhani ya nyanja yamchere. Akuti pamwamba pa madzi pali tizomera tosaoneka ndi maso, timene timameza mpweya wa kaboni, womwe uja umatuluka ndi utsi wa m'mabalani owotchera fodya. Tikafa, kapena tikadyedwa n'kutuluka ngati ndowe za tizilombo, timamatana n'kumamira pang'onopang'ono ngati gaga, kaboniyo n'kukagona pansi zaka mazanamazana. Zoona izi? Tsamba lachiwiri linathothoka, koma zilibe kanthu, mutu wa nkhani ndaugwira.

Nyanja sindinaionepo. Ana anga a Giredi 6 nawonso ayi. Insipekitalayo ndikukayika. Ndipanga yanga.

Lachiwiri, 12 Okutobala

Zofunika:
mgolo
madzi a kudamu, obiriwira aja
gaga, akhale tizomera takufa
mchere
shuga pang'ono, kuti zimatane
ndowe za nsomba. Palibe. Za mbuzi zilipo mbwee.

Mgolo ndabwereka kwa a Zuze, mdala wa ku Tete woyendetsa thirakitala. Akazi awo amafululiramo mowa, koma akuti atsuka. Pakomboni ponse pano ndi a Zuze okha anaiona nyanja, ku Beira, ali mnyamata. Nditawauza cholinga changa, akuti: "Aphunzitsi, nyanja siilowa m'mgolo." Nsanje chabe!

Maulendo khumi kudamu ndi ndowa, dzuwa likuswa mtengo. Damulo silinachire ndi chilala cha chaka chatha, madzi ali kutali. Msana wanga mayo!

Mayi a Esinati, akazi anga, apeza botolo la mchere lopanda kanthu. "Ndiwo zikazizira mukanyambite nyanja yanuyo."

Lachitatu, 13 Okutobala

Gaga wakana kumira. Akungoyandama ngati walipira lendi. Ndavundula ndi ndodo, wina watsika, wina wabwerera.

Vuto lina: mgolo ndi wachitsulo, suoneka m'kati. Ana makumi anayi kupanikizana mitu pakamwa pake, aliyense akungoona nkhope yake. Mmodzi waponyamo chofufutira changa kuti aone ngati chimira. Chamira, icho chokha.

Kalasi yathu ndi balani yakale ya malata, masana munthu amapsa ali moyo. Ndavundikira mgolo ndi thumba kuti nyanja ipume.

Ndayeserera phunziro katatu kuseri kwa nyumba. Nkhuku zamvetsera bwino. Ndasita buluku, ndalisitanso. Ndabwerera kusukulu kukasuzumira. Mgolo ukuchita kaphokoso, tsi tsi tsi. Mwina ndi kaboni akutsika.

Lachinayi, 14 Okutobala

Thovu! Thovu lokhalokha mpaka pansi pa bolodi! Zonse zimene zimayenera kutsika zikukwera. Ndiye fungolo, abale inu. Aliyense wobadwira pakomboni akulidziwa fungo limeneli.

Atsuka, akuti. Atsuka chiyani!

Nthawi ya nkhomaliro abwera amuna asanu, foromani wa kushedi ali patsogolo, kapu ili m'manja. "Aphunzitsi, mwayamba liti ntchitoyi osatiuza?" Ndisanatsegule pakamwa watunga, wamwa, wapukuta ndevu. "Kamchere kachuluka, komabe dzanja muli nalo."

Za ndowe za mbuzi zimene ndinathiramo zija sindinanene. Ndikanayamba bwanji?

Amayi a kutchalitchi, pochokera ku mapemphero awo, aima pakhomo la kalasi ndi mabulauzi awo oyera, andipempherera mokweza. Mayi a Esinati ali pakati pawo, ndipo ameni wamkulu ndi wawo.

Zoyesa:
kuyengula thovu. Likubweranso.
kusuntha mgolo. Sukusuntha.
kutaya zonse. Nanga mawa ndidzaonetsa chiyani?

Ndawonjezera mchere wobwereka. Mulungu aone.

Lachisanu, 15 Okutobala

Wabwera. Munthu wamfupi wa tayi, chikwama chabulawuni. Wafika pakhomo, waima, mphuno yagwira ntchito.

Ndaphunzitsa ndi mtima wanga wonse, sindinama. Tizomera, mpweya, ndowe, ulendo wopita pansi. Ana ali chete, maso ali pa ine, ndipo kwa kanthawi ndinaiona nyanjayo ndi maso angawa. Ndaloza mgolo, ndakweza mawu: zonse zimapita pansi!

Mgolo wayankha: bwu.

Rudo, mtsikana wa kutsogolo uja sasowa funso, wakweza dzanja. "Sa, nanga bwanji zikukwera?"

Ndangoti funso labwino.

Insipekitala wavundukula thumba, wasuzumira, wabweza mutu msanga. Wandifunsa m'Chishona, mwaulemu ndithu, ngati makolo akudziwa kuti m'kalasi muli mowa. Walemba tsamba lathunthu ndi theka. Tiyi wakana.

Loweruka, 16 Okutobala

Ahedi andiitana. Sanandiyang'ane kumaso. Januwale kukubwera tichala wa kukoleji.

Tsamba lachiwiri lapezeka! Lili ndi a Zuze, akupichirira fodya. Theka asuta kale. Ndawalanda lotsalalo, ndawerenga nditaimirira. Akuti:
ulendo wopita pansi umatenga masabata
pansipo ndi pozizira, pamdima wa ndiweyani
zambiri zimadyedwa kapena kuwola m'njira, mpweya n'kubwerera
zofika pansi ndi zochepa zedi

Ndiye kuti mgolo wanga sunali kunama kwenikweni! Yankho la Rudo linali m'thumba la malaya a a Zuze sabata yonse. Ndakwiya zedi. Iwo angoti, "Mukawerenga mundibwezere, pepalalo limayaka bwino."

Esinati, mwana wanga, wauza anzake za ndowe za mbuzi, anzake auza makolo. Foromani wandidutsa osayankha moni. Ndiye amene adzandiyang'anire kushedi.

Lamulungu, 17 Okutobala

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki wa kuledzera. Sindinadzutse mutu.

Masana ndapungula mgolo ndi ndowa, ndataya nyanja yanga kuseri kwa sukulu. Madzi atatha ndasuzumira. Chofufutira changa chilipo. Pansi pake pali matope akuda, osalala, kukhuthala kwake ngati chala chimodzi. Palibe anawavundula, palibe anawaona.

Zinafika ndithu. Zochepa, koma zinafika.

Ndakhala pansi pomwepo, misozi ili pafupi. Ndathamanga kukaitana mayi a Esinati kuti pakhale munthu mmodzi woona. Abwera, asuzumira, agwedeza mutu.

"Tsukani bwinobwino. Akazi a Zuze akuufuna mawa."

Ndatsuka.