Mphuno Yanga ya Chiroma

Nkhani iyi ndinakaulula kale kwa bambo mfumu, ndipo kuseri kwa kansalu kaja ndinawamva akutsokomola mwa mtundu wina, kutsokomola kwa munthu amene akubisa phwete. Ndatopa nayo. Pa Kapelula aliyense amaifotokoza m'mene wafunira, ena n'kuthiramo mchere wawo. Ndiye kuli bwino manyazi angawa ndiwasenze ndekha, muwamve kwa mwiniwake.

Dzina langa ndine Damiano. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ntchito yanga ndi fodya, ndipo pa Kapelula ndine mkamwini chabe. Kwathu ndi ku Njombwa. Chimene chimandisiyanitsa ndi anthu ena ndi mphuno. Ili ndi kachulu pakati, kenako imagwada.

Zaka makumi awiri zapitazo kunabwera mzungu wa ku Italy kudzakonza chigayo cha tchalitchi chathu, ine n'kumamupatsira masipanala. Tsiku lina anandiyang'anitsitsa, anagwira mphuno yake, n'kuloza yanga.

"Roman nose!" anatero akuseka.

Aphunzitsi ena amene anali pomwepo anandimasulira kuti mphuno yangayi ndi ngati ya Aroma akale, makolo a anthu a ku Italy. Mzunguyo anapita kwawo. Mawu ake anatsala m'mutu mwanga, n'kuyamba kumera.

Pa Lachisanu Loyera timachita sewero la Njira ya Mtanda, ndipo malo amene mwamuna aliyense amawasirira ndi a mkulu wa asilikali a Chiroma. Amavala nsalu yofiira, lupanga la thabwa m'chiuno, kumutu chisoti cha chitini cha penti chomangirira tsache pamwamba. Amayenda patsogolo, amakalipa, amayi amamupatukira. Malowa anali a mnzanga a Mbewe, munthu wofatsa amene ankayamba wapepesa Yesu asanamukwapule.

Pa msonkhano wokonzekera sewerolo ndinaimirira.

"Akuluakulu, bwanji ntchito ya Aroma tikupatsa anthu wamba, mwini magazi alipo?"

"Mwini magaziyo ndani?" anafunsa akatekisiti.

Ndinaloza mphuno.

"Munaitenga kuti?"

Apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinati agogo anga aakazi, a Nabanda, ali mtsikana ankachapira azungu a ku Italy amene ankamanga mlatho, ndipo amayi anga anabadwa mwa njira imeneyo. Agogowo anali atatisiya kale, amayinso chimodzimodzi. Ku Njombwa n'kutali kwa munthu wa njinga. Akanakafunsa ndani?

Chisoti anandipatsa. A Mbewe anawatsitsa kukhala onyamula misomali.

Kuyambira pamenepo dzina langa linakhala a Roma. Pa Khirisimasi ndinkagula supageti n'kumadya ndi foloko pakhonde kuti odutsa aone, ngakhale m'mimba munkatsala mbee ngati simunalowe kanthu. Mkazi wanga ankangopukusa mutu.

"Bambo a Tiyamike, Mroma wanji wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya?"

Ndinkangopitiriza kudya supageti yanga. Asilikali sakangana ndi anthu wamba.

Chaka chatha, mu Lenti, ku Misa kunabwera mlendo: mayi wa ku Italy, dokotala amene ankathandiza pa chipatala china cha kumbali ya Nkhamenya. Chichewa chake chinali chotsimphina koma chomveka. Nthawi ya zolengeza akatekisiti anamwetulira mpaka m'makutu.

"Adokotala, musasungulumwe kuno. Muno tili ndi m'bale wanu. A Roma, taimirirani!"

Mpingo wonse m'manja, phu phu phu! Ine ndinaimirira monyinyirika.

Titatuluka, adokotalawo anandigwira chanza ndi manja awiri, anthu atatizinga.

"Agogo anu anali a mbali iti ya Italy?"

"Chapakatikati," ndinatero. "Kufupi ndi msika."

Anaseka, akuyesa ndikuchita nthabwala. Kenako anatiuza kuti kwawo nawonso ankadzitama kuti ndi Aroma enieni, mpaka mchimwene wawo anayezetsa malovu, zija amati DNA.

"Zotsatira zitabwera, eee! Muli Agiriki, muli anthu a kum'mawa, muli a kumpoto kwa Africa, muli a ku Germany. Aroma akalewo nawonso anali osakanikirana choncho. Mumzinda mwawo munkalowa anthu ochokera kulikonse."

"Ngati ku okushoni ya fodya," anatero a Mbewe. "Aliyense ndi belo lake."

"Ndithu! Ndiye bambo, ndili ndi kabotolo kamodzi kotsala. Mungolavuliramo, nditumize kwathu. Mwina ndinu msuweni wanga!"

Ndinaganiza mwamsanga ngati munthu amene chigafa chake cha fodya chagwira moto.

"Pepani adokotala, mwambo wathu sulola kupatsa mlendo malovu. Sitidziwa kumene angathere."

Amayi achikulire anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinaona ngati ndapulumuka. Koma a Mbewe, onyamula misomali aja, anakonza kukhosi.

"Zoona, malovu ayi. Koma kufunsa akuluakulu sikoletsedwa. Kodi ku Njombwa palibe amene anatsala?"

"Alipo mayi awo aang'ono, a Naphiri."

Amene anayankhayo ndi mkazi wanga, munthu amene ndagona naye mphasa imodzi zaka makumi atatu.

Loweruka tinakwera galimoto ya adokotala: ine, akatekisiti ndi a Mbewe, amene anati akungofuna kuwongola miyendo. M'njira adokotala anatisimbira nthano ya kwawo, kuti ana awiri amapasa amene anayambitsa mzinda wa Roma anatayidwa ali makanda, n'kuleredwa ndi mmbulu, kuyamwa mkaka wake. Anzanga anaseka. Ine ndinali pa Tikuoneni Maria wachikhumi, kupempha tayala liphulike. Silinaphulike.

Tinawapeza mayi aang'ono atakhala m'chigafa akusoka fodya. Ndi mng'ono wa amayi anga, wokalamba kwambiri, maso akuthwa koma makutu anapita kale. Tinapereka moni, mudzi unasonkhana kudzaona mzungu. Akatekisiti anayamba nkhaniyo mwaulemu, chapansipansi.

"Mukuti chiyani?" anatero a Naphiri.

"Tikuti mayi anu, a Nabanda, akuti anadziwana ndi mzungu..."

"Kwezani mawu, bambo!"

Akatekisiti anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu aja amalengezera maliro.

"Akuti mayi anu anabereka mwana ndi mzungu wa ku Italy! Wa pa mlatho!"

Nkhuku zinathawa. Anthu amene anali kudimba anamva. A Naphiri anaika pansi fodya pang'onopang'ono.

"Mlatho uti? Mayi anga mzungu ankamuonera pa kalendala. Iwe Damiano, ndiwe wanena zimenezi?"

"Amayi, ine ndimati mwina mphunoyi..."

"Mphuno? Mphuno imeneyi ndikuidziwa kuposa iwe!" Anatembenukira kwa adokotala. "Mayi, uyu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankazembera m'khola la atsibweni ake n'kumayamwa mbuzi. Kuyamwa ndithu, chogwada, kulimbirana bere ndi tiana take. Tsiku lina mbuziyo inatopa naye. Mwendo umodzi, phaa! Ndipo amene anamupukuta magazi n'kumubereka kumsana mpaka kuchipatala ndi agogo ake omwewo, amene lero wawasandutsa mkazi wa pa mlatho."

Adokotala anapempha chilolezo, anandigwira mphuno ndi zala ziwiri, anaisisita.

"Inde," anatero mwachisoni. "Inathyokapo kalekale."

Ndinagwada pa dothi pomwepo, masamba a fodya akundikhudza m'mutu, kupepesa mayi aang'ono ndi agogo amene sakanatha kudziyankhira. A Naphiri anati andikhululukira ndikakanena zoona m'tchalitchi momwe ndinanenera bodzamo. Ndinakanena, Lamulungu lotsatira, akatekisiti atandibwereka maikolofoni.

Koma tisanachoke m'chigafamo, a Mbewe, amene anadikira zaka makumi awiri ndi misomali m'manja, anandigwira paphewa mwachifundo.

"Musamunyoze mnzangayu, akuluakulu. Magazi a Chiroma alibe, koma mwambo anautsata bwinobwino. Awo anayamwa mmbulu, uyu mbuzi. Kusiyana ndi ziweto za m'dzikomo basi."

Mudzi wonse unagwa nalo phwete, adokotala mpaka kukhala pansi.

Chisoti chinabwerera kwa a Mbewe, ndipo chaka chino sanapepese aliyense. Ine anandipatsa malo a wakuba wa kumanzere, wosalapa uja, ngakhale ndalapa. Ndikadutsa pa msika palibenso amene amati a Roma. Ndimangomva kumbuyo, chapansipansi: "Meee!"

Ukafuna kusintha agogo, yamba wawerenga mayi aang'ono amene adakali moyo.