Malemu amuna anga sankasiya kuitana anthu

Pali anthu ena kuno ku Chonde amene mpaka lero akandiona ndikubwera amabisa foni m'thumba. Sindiwadandaula. Ndinawavutitsa, nanenso ndinavutika, koma woyambitsa zonse anali munthu woti tinamuika kale m'manda, mothandizidwa ndi chala changa chomwechi.

Amuna anga, bambo a Tereza, anali kalaliki ku esiteti ya tiyi. Atamwalira anandisiyira nyumba, timbuzi, ndi foni yawo yaikulu ija yotsetsereka ndi chala. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 4, Chingerezi changa n'cha moni basi. Foniyo ndinkangoitchajitsa n'kuiika pawindo, chifukwa kuizimitsa kunkandimvetsa chisoni.

Kwathu kuno mkazi wamasiye amavala zakuda mpaka akuchimuna atabwera kudzamusudzula, ndiye kuti kumumasula kuti maliro atha, avale ngati anzake, apite kuukwati, aimbe nawo kwaya. Kwa ine wonena tsiku anali alamu anga a Esinati a ku Limbuli, mlongo wawo wamkulu wa malemu, ndipo anali atalonjeza kuti mwambowo uchitika mvula isanagwe. Inu, diresi lakuda, mpango wakuda, chitenje chakuda, padzuwa la Okutobala! Khosi lonse linali litatuluka zidzolo. Amuna anga ndinkawakonda, koma khungu langa linali litalira mokwanira.

Vuto la foni ija linali kulira. Ndikusesa, ting! Ndikudyetsa mbuzi, ting! Mwana wanga Tereza, amene ali pantchito ku Blantyre, anandiuza kuti amenewo ndi maimelo, makalata a pafoni, ochokera ku tsamba lina la macheza, ndipo ndi anthu osawadziwa akupempha ubwenzi kwa bambo ake.

"Zisiyeni amayi, ndikabwera ndidzazitseka," anatero.

Koma kubwera kwa Tereza n'kwa Khirisimasi. Ine ndinaona kuti si bwino anthu azingogogoda pakhomo la womwalira popanda wowauza. Ndinatsegula kalata imodzi kuti ndipeze powayankhira kuti eni ake anatisiya. Panatuluka Chingerezi chambiri ndi mabatani awiri, lina lalikulu lobiriwira, lina laling'ono lotuwa. Ndinadina lalikulu. (Mukanakhala inu mukanadina lotuwalo? Musaname.) Panatulukanso lina lobiriwira, ndinadinanso. Foni inandionetsa chala chachikulu choimirira ngati yandiyamikira, ine n'kunyamula khasu kupita kumunda mtima uli m'malo.

M'mawa mwake kunafika a Sitima, mkulu wa mpingo wathu, thukuta lili kamukamu. Ndinawapatsa mpando, anakana.

"Mayi a Tereza, kodi amuna anu aja tinawaika bwino?"

"Si munalalikira ndinu, abambo?"

Anatulutsa foni yawo ataigwira ndi nsonga za zala. Pagalasi panali nkhope ya bambo a Tereza, atamanga tayi, akumwetulira. Mpando uja ndinakhalapo ine.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti akundiitana. Akuti kumene aliko kuli anzathu ambiri, ndipite ndikawapeze." A Sitima anapukuta pamphumi. "Ine za kumeneko ndimalalikira Lamulungu lililonse, koma sindinanenepo kuti ndikufuna kupita mwezi uno."

Zimene ndinachita, ndinazidziwa mochedwa. Batani lobiriwira lija linkapempha chilolezo chotumiza kalata yoitana kwa munthu aliyense amene dzina lake linali mufoni ya malemu. Ndipo munthu woti anali kalaliki, mayina sasowa. Analandira anzawo a ku ofesi, madalaivala a mathirakitala, akumpingo, ngakhale wogulitsa mankhwala a mbuzi. Dzuwa lisanafike paliwombo kafoni kanga kakang'ono kanalira. Anali a Esinati.

"Alamu, achimwene sanagone. Andiitana ine, watero mwana wa neba amene wandiwerengera. Ndi bipi yanga ija, mukuona ngati nditha chaka?"

"Alamu, mwina ndi foni chabe yasokonekera."

"Foni imadziwa dzina langa? Mwambo uja uyambe waima. Sitingakumasuleni mwini wake akuyendayenda. Ndipo foni imene akutulukiramoyo muitaye lero lomwe, ndamaliza."

Ndinayang'ana diresi langa lakuda, ndinayang'ana foni ili pawindo. Kumtsinje sindinafune, ana akanaivuula. Kukwirira, agalu akanafukula. Ndinapita nayo kuchimbudzi chathu chokumba n'kuiponya. (Ikugwa inalira ting, ngati ikutsanzika. Ndinatseka chitseko mwamphamvu.) Kenako ndinauza aliyense amene ndinakumana naye kuti nkhani yatha, foni ili pansi pa chimbudzi. Ndinkafuna ndiyere. Apa ndiye ndinadzipalira makala.

Panapita masiku angapo kuli zii. Ndinayamba kuchapa chitenje changa chamaluwa chimene ndinasungira tsiku lomasulidwa. Kenako makalata anabweranso kwa anthu onse aja, ndipo ulendo uno mawu anali ena. A Sitima anandiwerengera ali kutsidya kwa mpanda, sanalowe n'komwe. Akuti bambo a Tereza akudikirabe yankho lanu.

Ndiye taganizani. Mudzi wonse ukudziwa kuti foni ili pansi pa chimbudzi, mwini wake ali pansi pa nthaka, koma makalata akufika. Kumsika amayi ogulitsa tomato ankandipatsa chenje mosakhudza dzanja langa. Kumpingo benchi yanga inakhala yotakasuka ngati ya abusa. Madzulo ena akazi a Mateyu, dalaivala wa thirakitala, anafika pakhomo manja ali kumutu.

"Mayi a Tereza, amuna anga avomera!"

"Avomera chiyani?"

"Anali ataledzera, adina pamene akuti vomerani! Pano angogona chagada, akuti akudikira. Nsapato zawo za kutchalitchi apereka kale kwa mng'ono wawo."

Apa mantha anandithera, mkwiyo n'kulowa. Bambo a Tereza ali moyo sanavutitsepo munthu, ndiye ayambe atafa, n'kundisiyira ine milandu? Kutacha ndinakwera minibasi kupita ku Chitakale kwa a Juwawo, bambo wa imvi amene amakonza mafoni pakhonde la sitolo ina. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akumwa tiyi, masaya akunjenjemera.

"Sekani, ndinu omasuka," ndinatero.

"Ayi amayi, pepani. Foniyo mwabwera nayo? Ndizitseka zimenezi tiyi uyu asanazizire."

"Ili pamalo posafikika."

"Kuti?"

Ndinawauza. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Nanga pasiwedi, mawu achinsinsi olowera aja, anakusiyirani?"

"Anapita nayo."

"Ndiye mwatseka khomo, kiyi n'kuponya m'dzenje. Makalatawa satuluka mufoni ija ayi. Amatumiza ndi makina ali kutali kunja kwa dziko lino, ndipo makinawo sadziwa kuti munthu amafa. Aziwakumbutsabe anthuwo mpaka kalekale."

Njira inatsala imodzi. Pafoni ya munthu aliyense wolandira, kutsegula kalatayo, kudina timadontho tili pakona, n'kusankha mawu akuti sipamu. A Juwawo anati limenelo ndi dzala la mufoni, kotayako zinyalala. Ukaponyako kalata imodzi, foni imaphunzira, zina zonse zochokera komweko zimangopita kudzala mwakachetechete. Anandiyesetsa pafoni yawo mpaka chala chinazolowera.

Ndimo mmene ndinayambira ulendo wa khomo ndi khomo, mkazi wamasiye wovala zakuda, kugogoda n'kunena kuti, "Odi, ndabwera kudzataya amuna anga kudzala." (Ndinayesa kupeza kanenedwe kena kaulemu, sikanapezeke.) A Sitima anandipatsa foni n'kuyang'ana kumbali akupemphera, ine ndikudina. Ena anakana kutsegula chitseko, anandipatsira pawindo. A Mateyu ndinawapeza ali moyo ndithu, akukangana ndi mng'ono wawo amene ankakana kubweza nsapato.

Komaliza kunali ku Limbuli, ndipo ndi kumene kunali nkhani yonse. Ndinatsika kabaza msana ukuwawa. A Esinati anali pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, foni yawo ataikulunga m'nsalu n'kuiika patali. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinafotokoza za makina ndi za dzala.

"Alamu," anatero, "mwakwera njinga ulendo wonsewu kudzandiuza kuti ndiponye mchimwene wanga pa zinyalala?"

"Si iwowo, alamu. Ndi makina."

"Nkhope ndi ya makina? Dzina ndi la makina? Inu munawataya kuchimbudzi, lero mukufuna ndi ine ndiwataye kudzala. Zakudazo muvala mpaka iwo eni atakhala chete okha."

Thukuta linali kuyenderera kumsana, zidzolo zikuyabwa, ndipo ulemu unandithawa pang'ono.

"Alamu, ndifunseko. Achimwene anuwo ali moyo, anakuimbiranipo foni ndi mayunitsi awo?"

"Ankafulasha."

"Akafulasha, woimba ndani?"

"Ine."

"Nanga anakuitananipo kunyumba kwathu, kuti alongo bwerani mudzadye nkhuku?"

"Ndinkabwera ndekha. Nkhukuyo n'kubwera nayonso ndekha."

"Ndiye munthu ameneyo lero akutumiza makalata kwa anthu onsewa, mobwerezabwereza, mochonderera, mpaka kwa wogulitsa mankhwala a mbuzi? Bandulo yake akumugulira ndani kumeneko?"

A Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, zakuda ndifa nazo. Kenako anatambasula dzanja, anakoka kansalu kaja, anatulutsa foni n'kuyang'anitsitsa chithunzicho.

"Amene akuitana anthu chonchi si mwana wa amayi anga," anatero. "Uja ngakhale madzi akumwa unkachita kupempha." Anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, nane n'kulira nawo. Atapukuta m'maso anandipatsira foni. "Timadonthoto tili pati? Ndidina ndekha, ndi mchimwene wanga."

Mwambo unachitika mvula yoyamba itagwa kale, koma unachitika. Chitenje chamaluwa anandiveka ndi a Esinati omwe. Anthu atayamba kubalalika, ndinafuna kuonetsa adzukulu nkhope ya agogo awo, ndipo ndi pamene zinandifika m'mutu kuti zithunzi zonse za bambo a Tereza zinali mufoni ija. M'nyumba monse munalibe ngakhale chimodzi. Ndinakhala pansi ndi chitenje changa chatsopanocho. A Esinati anandikodola, tinapita kuseri kwa nyumba, anatulutsa foni.

"Musauze a Sitima," ananong'ona. "Dzala lija limatseguka. Makalata akale amafufutika okha, koma atsopano amabwerabe. Ine ndimasuzumirako."

Anatsegula, ndipo analimo, tayi ili pakhosi, akumwetulira, akudikirabe yankho.

Phunziro ndiye liyenera kukhala loti chinthu chimene sukuchimvetsa uzichisiya mpaka mwana abwere pa Khirisimasi. Ndinalimva, ngakhale sindilonjeza. Chimene ndikudziwa n'choti masiku ano ndikawasowa amuna anga ndimakwera kabaza mpaka ku Limbuli, kukapempha alamu anga kuti anditsegulire zinyalala zawo. Nkhuku ndimanyamula ndine.