A Bentsil ndi Kamunthu Kosakhala Pansi

Ku Sekondi kwathu kunalibe amene sanamve za a Bentsil, madala opepesa kompyuta. Ena akaphonya pa gemu amatukwana makina kapena kumenya tebulo. Iwo ayi. Kamunthu ka pagalasi la kompyuta kakagwera m'phompho, ankavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepa mwana wanga, chachedwa ndi chala changa."

Anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, kukwezera sitima mbendera. Atapuma anabwera kushopu ya mayi Araba, kumene anthu ankalembetsa makalata pa kompyuta, kuti awalembere kalata ya penshoni. Anandipeza ine, Arhin, mphunzitsi wa masamu, ndikusewera pa makina a pakona. Anaima kumbuyo kwanga mpaka kalata ija kuiiwala.

Gemuyo inali yachiwiri pashopupo. Yoyamba tinali titaitaya kale, chifukwa kamunthu kake kanali ngati njerwa zitatu zosanjikiza, kothamanga m'phanga la mdima. Yachiwiriyi inabwera ndi mathithi, mitambo yoyenda, milatho ya zingwe yogwedezeka, ndi nkhanu zazikulu ngati mbuzi. Kamunthuko opanga gemu anali atakapatsa mpango wachikasu, chithunzithunzi chake, komanso mawondo opindika. A Bentsil, amene mawondo awo ankalira pokwera masitepe, ankati mawondo amenewo akanakhala ogulitsa akanagula awiri.

Atayamba kusewera okha, shopu inasanduka bwalo la zisudzo. Kamunthu kakadumpha, iwonso ankanyamuka pampando. Kakawerama, chipumi chinkagunda tebulo. Tsiku lina podumpha phompho lalikulu anamenya ndowa ya madzi ndi phazi, n'kunyowetsa makalata a mpingo. Mayi Araba anawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino.

"Mayi, mwanayu akanagwa."

"Nanga makalata a abusawa?"

"Abusa ali ndi moyo wosatha. Uyu ali ndi miyoyo itatu yokha."

Tsopano ndinene zanga, ngakhale nkhope ikunditentha. Gemuyo inali ndi zigawo khumi ndi ziwiri, ndipo ine ndinakanika pa chachisanu, pomwe umawoloka mtsinje podumpha pa mitengo yoyandama. Loweruka lina tikudya kenke, nsima yathu yowawasa, ndi nsomba pakhonde la shopu, anzathu anayamba kundiseka kuti madala a penshoni andipitirira. Manyazi anandilowetsa m'bodza. Ndinati gemu imeneyi ndinaimaliza kalekale kwa msuweni wanga ku Accra, kuno ndimangocheza nayo.

A Bentsil anasiya kutafuna. Anafunsa kuti kumapeto kuli chiyani. Ndinapeka pompo: kamunthu kamafika kwawo, amayi ake amatuluka m'nyumba, amakapatsa mpando, kamakhala pansi, iwo n'kukasambitsa mapazi.

"Kamakhala pansi?"

"Kamakhala, madala."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. Anati mwanayo amuthamangitsa miyezi inayi osapuma, ndipo safa asanamukhazike pampando umenewo.

Kuyambira pamenepo ndinakhala katswiri wawo. Akakanika ankandidikira pageti pa sukulu kuti afunse nzeru, ine n'kumapeka ndi nkhope ya mphunzitsi. Pa chigawo chachisanu ndi chinayi ndinawauza kuti akafika pa mathithi adumphire kumanzere, kuli njira yobisika. Anadumphira kumanzere kwa sabata zitatu. Anapepesa kamunthuko mpaka mawu kusasa. Kenako anasiya kundifunsa, ine n'kumaganiza kuti angofuna kudziyesa okha.

Zinawatengera zaka ziwiri. Masana ena a Lachinayi uthenga unandipeza m'kalasi kuti a Bentsil ali pa chigawo chomaliza ndipo akana kupitiriza ine ndisanafike. Ndinayenda ngati wopita kukhoti. Shopu inali yodzaza: telala wa pafupi, amayi ogulitsa nsomba, ngakhale abusa a makalata onyowa aja. Madalawo anali atavala malaya awo oyera a njanji. Anandikokera mpando pambali pawo.

Anasewera ngati sindinawaonepo. Anazemba nkhanu, anawoloka mlatho ukuduka kumbuyo kwawo, anadumpha phompho lomaliza ndi moyo umodzi wotsala. Kamunthu kanalowa pa khomo lagolide. Galasi linada. Panatuluka mawu awiri owayamikira, kanyimbo kanalira pang'ono, basi gemu inayambiranso pa chigawo choyamba, kamunthu kali chiimire, kudikira kuthamanga.

Telala anafunsa kuti mpando uja uli kuti. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika. A Bentsil anayang'ana galasi nthawi yaitali, kenako anatsokomola.

"Makina a ku Accra ndi aakulu," anatero. "Athuwa ndi aang'ono, mpando sungakwanemo. Aphunzitsi sanalakwe."

Anthu anavomera, ena anayamba kudandaula kuti zinthu zabwino zonse zimathera ku Accra. Titatuluka anandiperekeza mpaka pa mphambano. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule, koma anandigwira mkono. Anati anadziwa kale pa mathithi paja kuti ndinanama, chifukwa kumanzere kulibe kanthu koma thanthwe. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiyalutse.

"Bodza lanu linali labwino kuposa mapeto awo," anatero. "Koma musadzauzenso nkhalamba kuti idumphire kumanzere."

Ndinaseka nawo, koma kupepesa kwenikweni sindinapepese. Ndinkati ndidzawapeza tsiku lina tili awiri. Mvula yotsatira isanathe anadwala chifuwa, ndipo patangotha sabata anatisiya.

Pamaliro mayi Araba anandiimika kuti ndilankhule, n'kundionetsa kwa anthu ngati munthu yekhayo wotsala m'tauni amene anaimaliza gemu ija. Ndinaima pafupi ndi bokosi n'kuulula kuti sindinadutsepo chigawo chachisanu, ndipo msuweni wanga wa ku Accra alibe ngakhale wailesi. Ndinkadikira kuti anthu adabwe. Mkazi wa malemu ndi amene anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. Anati bambo ankawauza nkhaniyi pafupifupi tsiku lililonse pa chakudya, koma anawalumbiritsa kuti asadzaitulutse panja, poti mphunzitsi akayaluka ana sadzamumveranso m'kalasi.

Shopu ija ilipobe. Mayi Araba anagula makompyuta atsopano asanu ndi imodzi, ndipo anthu amakhala m'mizere, aliyense ndi zomvera m'makutu, osayang'anana. Ogulitsa nsomba saimanso pakhomo. Telala amati masana akutalika masiku ano. Ine ndikamachokera kusukulu ndimadutsa tsidya lina la msewu, ndipo mayi Araba akandikodola ndimakweza dzanja ngati wofulumira, pamene kunyumba kulibe chondidikira.