Sabata Yonyengerera Agalu a Eni

Lolemba

Kagalu katsala kamodzi kokha. Jemani Shepadi weniweni, wodziwika mtundu mpaka agogo ake, osati tizinyama timayendayenda mu Mzimba muno nthiti zili pamtunda. Okafuna tilipo awiri: ine ndi a Gondwe a ku akaunti, munthu woti ngakhale maluwa a pawindo la ofesi anamuumira m'manja.

Ndalankhula pafoni ndi woweta wake, aNyaShaba a ku Chikangawa. Mayi wovuta! (Kuno galu amati ntchewe.) "Adada, ine ntchewe sindigulitsa ngati tomato wa pa Jenda. Ndibwera Loweruka kudzaona pakhomo. Anthu sindifunsa yayi, amanama. Ndimaona agalu a pamalopo kuti akamuona munthuyo amatani."

Apa ndiye pavuta. Chibwerereni kuno kuchokera ku Ntcheu, galu aliyense wa m'layini muno analawapo mwala wanga, ndipo ine sindiphonya. Ndikangotsokomola amathawa mpaka kuseri kwa chigayo.

Lachiwiri

Pulani:
mafupa a kubutchala
bonya
kusiya kugenda
kumwetulira

Kumwetulira galu wa mphere, ine munthu wa dipuloma! Ndaika mafupa pageti, ndaimba likhweru mpaka milomo kuuma. Palibe wabwera. Galu wa khutu limodzi wa kuchigayo akundiyang'ana patali ngati ndine wokhometsa msonkho wa pamsika.

Akazi anga akuti, "Mafupawo akanakoma m'nyemba." Mayi ameneyu saona patali.

Lachitatu

Kuona maso a nkhono n'kudekha! Wa khutu limodzi wadya ine ndili chiimire pomwepo, diso lina pa fupa, lina pa dzanja langa. Kumbuyo kwake kuli kagalu kakakazi kofiira, mabere ali lendelende. Ndachita kunena kuti "bwera mnzanga," ine amene!

Kanyumba ka Jemani katha. Matabwa a paini, denga la malata, sikadontha ngati kuchipinda kwathu. Ku ofesi a Gondwe akuti iwo sakukonzekera chilichonse: "Mbwenu adzaione nyumba momwe iliri." Ulesi akuutcha chilungamo.

Lachinayi

Zatheka! Zathekanso mopitirira. Agalu amauzana, lero ndatsimikiza. M'mawa ndapeza msonkhano pakhonde: wa khutu limodzi, kofiira kaja ndi ana ake, wina wotsimphina, ndi chigalu chakuda chomwe sindinachionepo, mwina chamva mbiri yanga chili ku Euthini.

Andiperekeza mpaka ku ofesi, ine patsogolo iwo pambuyo, ngati phungu pa nthawi ya kampeni. Abwana afunsa ngati ndayamba uzimba. A Gondwe aseka mpaka kutsamwa tiyi. Asekeretu, Loweruka si kutali.

Lachisanu

Zowonongeka:
mazira a nkhuku ya akazi anga
nkhukuyo
nsapato yanga ya kutchalitchi, yakumanzere
sopo (sopo amene!)

Kofiira kasamukira m'kanyumba ka Jemani ndi ana ake onse. Ndikati ndikatulutse, kakundionetsa mano. Pakhomo panga pomwe, matabwa ogula ndekha! Dzanja likuyabwa, miyala ili mbwee pabwalo, koma mawa ndi mawa.

Ndazungulira layini yonse kuuza eni ake kuti adzatengeko ena, andisiyire awiri ooneka bwino. Aliyense yankho limodzi: "Yewo chomene adada, mwatithandiza." Anthu opanda manyazi. Bambo wa kuchigayo wachita kundiuza kuti galu wake uja amakonda gaga wothira mchere pang'ono.

Akazi anga sakundilankhula. Akungodzikanda m'miyendo mokweza kuti ndimve.

Loweruka

ANyaShaba atsika lole ya matabwa, kagalu kali m'basiketi. Ndakaona ndi maso angawa! Mapazi akuluakulu, ubweya wonyezimira, nkhope yaulemu kuposa anthu ena a ku akaunti. Ndatuluka nditavala jekete. Gulu lonse landithamangira, kundidumphira, kundinyambita, michira ili pukupuku. Mumtima ndati, Gondwe walira.

Mayi aja sanamwetulire. Agwada, atembenuza khutu la wotsimphina, nkhupakupa zili tho. Asuzumira m'kanyumba. Apapasa nthiti za kofiira.

"Katemera wa chiwewe analandira liti?"

Ndati agaluwa si anga. Nthawi yomweyo wa khutu limodzi wadzigwetsa chagada pamapazi anga, mimba kumwamba, kudikira kuti ndimukande.

"Adada, munthu amakana, ntchewe siikana mbuye wake. Ngati awa mukuwasunga chonchi, mwana wangayu mudzamusunga bwanji? Yambani mwasamala amene muli nawowa."

Tiyi akana. Basiketi aikweza m'mwamba kuopa nthata, ulendo kwa a Gondwe, nyumba yopanda ngakhale mphaka. Akuti bola munthu amene sanayambe kusiyana ndi amene wayamba moipa. Zandipweteka, sindibisa. Kagalu kaja ndinali nditakapezera kale dzina.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndi nsapato za kuntchito. Agalu aja andidikirira pakhomo la tchalitchi mpaka mapemphero kutha, ndipo chakuda chija chathandizira kwaya.

Masana a Gondwe adutsa pamsewu ndi Jemani pa tcheni chatsopano. Amutcha dzina lachizungu loti eni akewo likuwakanika kutchula. Sakudziwa ngakhale kagwiridwe ka tcheni, galu ndiye akuyendetsa munthu. Gulu lija ladzuka pakhonde, kuuwa.

"Adada, mangani ntchewe zanuzo, zingamupatsire matenda mwana!"

Ndimati ndiwauze kuti si anga. Pakamwa patuluka zina: "Dutsani bwinobwino a Gondwe, awa saluma munthu popanda chifukwa."

Mawa ndikafunsa za katemera kwa alangizi a ziweto. Akazi anga andilankhula tsopano. Afunsa kuti gaga aphike mumphika uti. Ndati waukulu uja.