Bokosi Lakuda la ku Moatize

Lolemba

Achemwali aimba foni kuchokera ku Zobuwe. Akuti amayi sakufikanso kudimba, miyendo yatupa, mpweya ukuperewera. Pomaliza akuti, "Ngati uli ndi choti uwaonetse, usadikire mvula."

Zandilasa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuimba piyano, amayi sanandimvepo ndi kamodzi komwe. Ndinaphunzira ku Maputo, ndinaimbirapo anthu a mataye, malasha atatchuka ndinathamangira kuno ku Moatize kudzaphunzitsa ana a mabwana a ku Brazil. Mabwana anapita, anandisiyira piyano ndi fumbi. Ophunzira atsala atatu. Amayi akafunsidwa za ine amangoti ndili kumgodi, poti ndi zimene munthu angamvetse.

Basi ndaganiza. Loweruka ndikawaimbira pabwalo pawo pomwe. Zofunika:
nyimbo zisanu zachikale za ku Ulaya, zolemera
suti yakuda
galimoto yonyamula piyano
anthu okhala chete

Zophweka!

Lachiwiri

Ndatsegula piyano kuti ndiipukute. Mayo ine! Malasha ali m'katimo munthu angaphikire nyemba. Mano ake atatu sakulira, ukadina amangoti phwa. Wokonza ali ku Beira, akuti angabwere chaka chamawa. Nyimbo yachisanu imadalira mano omwewo. Zatsala zinayi.

Ndatumiza uthenga kwa achemwali kuti auze mudzi wonse: Loweruka abwere kwa amayi, avale bwino, akhale pansi mwakachetechete. Kuimba ayi, kuvina ayi, nthungululu ayi. Andifunsa kuti nanga anthuwo akabwera azidzatani. Ndati azidzamvera. Akuti auza.

Lachitatu

Tsiku loyeserera. Ndangokhala pampando, kumgodi wa ku Chipanga aphulitsa miyala, makapu m'kabati ayamba kuimba ine ndisanayambe.

Koma vuto si mgodi ayi. Zaka khumi ndakhala ndikukalipira ana a eni kuti pindani zala, osaona kuti zanga zauma ngati chinangwa. Pa nyimbo yothamanga ija dzanja lamanja likufika bwinobwino, lamanzere likubwera m'mbuyo ngati munthu wopita ku mlandu. Dona Selesitina, oyandikana nawo nyumba, asuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndikuimba kapena ndikadakonza. Anafunsa ndi mtima wabwino, n'chifukwa chake zawawa.

Zatsala zitatu.

Suti: batani likuonana ndi bowo lake, koma kukumana ayi. Ndikaimba chosamanga.

Galimoto yapezeka. A Mariyano amabweretsa mbatata kuchokera kumapiri pa kalinya yawo, pobwerera amapita chabe.

Lachinayi

Ndinaiwala kuti piyano inalowa m'nyumba muno ndisanaike chitseko chachitsulo.

Onyamula asanu ndi atatu, alangizi makumi awiri. Malangizo:
ipendekeni
ichotseni miyendo
sasulani denga
pulofesolo, bwanji osangojambula pa foni n'kuwatumizira mayiwo?

Womalizayo wanena zanzeru, n'chifukwa chake sindinamuyankhe.

Tagumula felemu yachitseko. Potuluka chopondera chakumanja chakodwa pakhonde, thyo! Ndachiika m'thumba la malaya. Nyimbo yachitatu popanda chopondera ili ngati ndiwo zopanda mchere. Zatsala ziwiri. Pakhomo ndatchingapo lata.

Lachisanu



A Mariyano aumirira kuti piyano igone chagada, ingagubuduke pokwera mapiri. Taikulunga m'mabulangete, pamwamba nsalu yakuda yotchinga fumbi. Ine ndavaliratu suti, ndikafike ngati munthu waluso, ndakhala kumbuyo, dzanja lili pa piyano. Ndawauza ayende pang'onopang'ono ndipo ayatse magetsi ophethira.

Pamsewu zodabwitsa zokhazokha. Apolisi satiimitsa, aima njo n'kutilozera kuti tidutse. Ku Nkondezi azimayi atula mitolo, agwada m'mbali mwa msewu. Amuna avula zipewa. Apanjinga atsika. Ine mumtima, aa, tsopano anthu akwathu ayamba kulemekeza luso! Ndikuwagwedezera mutu mmodzimmodzi, nkhope ili ndwii. Chitsiru cha munthu, chametanso ndevu!

Kodi wa njinga yamoto wina amene anacheza ndi a Mariyano pomwe tinaima kuthira madzi watipitirira, wakalengeza pamsika wa ku Zobuwe. Akuti bokosi likuchokera ku Moatize, likulowera kwa a Naphiri, woperekeza ndi bwana wina wonenepa wa kumgodi. Anthu aphatikiza ndi uthenga wanga uja wakuti avale bwino, akhale chete. Achemwali, amene akanatsutsa, anali kuchigayo.

A Naphiri, amayi anga, ali ndi mwana mmodzi yekha ku Moatize.

Tikufika, bwalo ladzaza, kulira kuli m'kati. Nditadumpha pagalimoto ena athawira m'chimanga cha eni. Amayi ali pamphasa, azimayi awiri awagwirira. Ndagwada. Andigwira nkhope, makutu, mapewa, kenako avula patapata n'kundimenya nayo katatu.

"Chaka chathunthu osabwera, lero ubwere ndi bokosi?"

Anthu aseka mpaka kugwa. Ine sindinaseke. Dzuwa likulowa, amayi tiyi ndachita kuwamwetsa. Ndikanawapha ine, ndi suti yanga yosamangayi.

Loweruka

Achibale a kumapiri, amene uthenga woti ndili moyo sunawapeze, afika m'mamawa ndi ufa, nkhuni, nkhuku ziwiri. Andiyang'ana mokhala ngati ndawataitsa nthawi. Akuti sangabwerere chabe, aone chimene chili m'bokosimo. Anthu ochuluka chonchi sindinawaimbirepo, ngakhale ku Maputo.

Taidzutsa piyano pansi pa mtengo wa mapeyala. Msewu waimaliza. Kumtunda ikulira ngati mbale zikugwa, kumunsi ngati ng'ombe ya chimfine. Pakati pokha ndiye pali moyo. Yatsala nyimbo imodzi, yapang'onopang'ono, ya Mjeremani wina amene anafa kalekale.

Amayi awakhazika pampando pambali panga. Ndayamba. Bwalo lonse zii! Chete weniweni, amene ndakhala ndikumulota zaka zonsezi. Wakhala mwina mphindi imodzi.

Mayi wina wa kwaya wayamba kung'ung'udza. Wapezamo kanjira kolowera nyimbo ya pamaliro, ina imene tinkaimba tili othawa nkhondo ku Malawi. Anzake alowa, amuna alandira kumunsi. Ndayesa kudina mwamphamvu kuti ndiwabweze kwa Mjeremani, piyano yangoti phwa. Ndagonja, ndawatsatira. Itatha ina, ayambitsa ina. Maola awiri!

Ndinaba diso kamodzi. Amayi akuimba ndi kampweya kawo kochepako, maso ali pa zala zanga, osaphethira.

Mjeremani sindinamufikitse ndi pakati pomwe.

Lamulungu

Nkhuku zadyedwa, achibale abwerera. A Mariyano akuti kalinya ikutsika ndi mbatata, malo a piyano palibe, ndipo ngakhale akanakhalapo iwo safuna kugwadiridwanso pamsewu.

Ndapita kukatsanzika. Ndimafuna kupepesa kuti zimene ndinakonza sizinamveke, kuti piyano yabwino silira choncho, kuti ku Maputo ndinkatha. Amayi sanandilole kumaliza. Agwira dzanja langa lamanzere, laulesi lija, akulitembenuza ngati akusankha mbatata.

"Ndakumva. Ntchito uli nayo, mwanawe. Chibokosicho chisiye konkuno, achemwali ako achifunditsa lona. Tsiku langa likadzafika usadzavutike ndi galimoto, udzangobwera ndi zalazi. Dzulo ndaona kuti zidzayenda bwino."

Anena akumwetulira, ngati munthu amene wamaliza kupalira.

Ndili m'shapa tsopano, minibasi yobwerera ku Moatize, kope pabondo, nkhuku ya munthu wina pamapazi. Mawa ophunzira atatu adzadina patebulo. Pakhomo pali lata.

Zaka makumi awiri ndi zisanu, aka n'koyamba munthu kundiitaniratu kuti ndidzaimbe, osafunsa ngati ndili ndi gitala. Ndavomera. Ndati ndikufuna nthawi yambiri yoyeserera, zaka khumi mwina. Amayi akuti aona.