Zilembo zamimba pa banka yanga

Lemba bwino mwanawe, ndipo ukafika poseketsa dzanja lisanjenjemere, chifukwa ine mwini nkhani sindinayambe kuseka. Ndikufuna anthu amve mmene nkhalamba yosalawa mowa chibadwire inatchukira Fingoe yense kuti yatsegula malo omwera.

Banka yanga ndi katebulo chabe, pakhomo pompano, m'mbali mwa msewu wopita kokumba golide. Pali mchere, sabau wochapira, mabisiketi aja timati mabolasha, kapenta, ndi thobwa lophika ndekha. Sindinaitsegule kuti ndilemere ayi. Chimwalirireni agogo ako aamuna nyumba ino inakula. Ana, wina ali ku Tete, wina anatsalira ku Zambia komwe tinathawira nkhondo, iwenso umangobwera sikola ikatsekera. Munthu ukayamba kufunsa nkhuku mafunso n'kumadikira yankho, ndiye kuti zafika poipa. Ndinati ndiike tebulo, wodzagula mchere ndizimugwira ndi nkhani.

Ndipo zinkatheka. Kumadre wanga, mnzanga wapamtima Anatembo, amene tinabwerera lole imodzi kuchokera ku Zambia, ankabwera masana alionse kudzakhala pa mpando pansi pa mango. Lachinayi amayi a mpingo akaweruka ku mapemphero ankadzera pano, thobwa kumayenda, miseche kumayendanso. (Usalembe miseche, lemba kuti kucheza.)

Koma mtima sukhuta. Ndinkaona mamota, njinga zamoto zija, akudutsa vuu, osacheuka, ine n'kumati anthu onsewa akanamaima bwenzi dzuwa likulowa msanga. Ndi pamene iwe unati, vovo, malonda amafuna chikwangwani. (Inde ndiwe, usakane, lemba.) Unandionetsa zilembo pa telefoni kuti ndisankhe. Ine ku sikola sindinapondeko, chilembo ndimachiona ngati mmene ndimaonera mbuzi pamsika, thupi lake basi. Zina zinali zoonda ngati miyendo ya udzudzu. Zina zopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Kenaka panabwera zonenepa, zamimba, michira yopindika, chilichonse ndi mthunzi wake kumbuyo. Unati zimenezo ndi zachikale, zangobwereranso.

Ine ndinazipenyetsetsa. Ndinazidziwa. Zilembo zotero zinali pa kantina, sitolo yakale ya kuno nkhondo isanabwere, mmene agogo ako anandigulira kapulana, nsalu yanga yoyamba, ali mnyamata wamanyazi, thukuta lili kamukamu pamphuno. Ndinati ndi zomwezi, zina sindifuna.

Iwe unabwerera ku sikola, ine ndinatengera thabwa kwa a Zeka opaka tinta, pamodzi ndi kapepala komwe unajambulapo. A Zeka anayang'ana, n'kukanda mutu.

"Amayi, zilembo izi ndimalembera anthu ena."

"Anthu ati?"

"A mabaraka, kumene anyamata amamwera."

Ine ndinaganiza kuti akuumira tinta, poti zonenepa zimadya yambiri. Ndinati, kodi zilembo zili ndi mwini wake? Iwo anangoti chabwino. Anapaka zofiira, m'mbali chikasu, mthunzi wakuda. Akuti panalembedwa kuti Banka ya Vovo, basi, palibenso china. Titalipachika pa mango ndinapita kutsidya kwa msewu kukaliona, ndinabwerera, ndinapitanso. Linkaoneka ngati likuseka.

Tsiku silinathe, mota inaima. Anatsika anyamata awiri okumba golide, matope mpaka m'makutu.

"Vovo, yozizira ilipo?"

Ndinati ilipo ana anga, n'kuwatungira thobwa la mumtsuko, lozizira bwino. Anayang'anana, anayang'ana chikwangwani, anamwa mwaulemu. Mawa lake anabweranso ndi anzawo, koma tsopano ndi mabotolo awoawo m'thumba, poti mthunzi unawakomera. Mabotolowo ndinawaona, ndisaname. Koma anyamata aja ankafunsa, mwanawe. Vovo, ku Zambia munayenda bwanji? Vovo, mtsinje munaoloka pa chiyani? Anatembo nkhani zangazo anazimva mpaka amazimaliza okha ine ndisanafike pakati. Awa ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Wina wa ku Malowera, Tomasi, ankati mawu anga ngofanana ndi a malemu amayi ake, ndipo ankandithyolera nkhuni osamutuma.

Mamota anachuluka. Kunabwera kawailesi kaja kokhala ngati njerwa koma kaphokoso ngati chigayo. Anatembo anabwera tsiku lina, anapeza mpando wawo pakhala munthu wosavala malaya, anagula mchere ataimirira, n'kumapita. Ine ndinati mwina ali ndi nyemba pamoto.

Ndiye linafika Lachinayi lija. Anyamata ankatsutsa kuti ife akale sitinkadziwa kuvina. Zinandiwawa. Ndinamanga kapulana m'chiuno kuti ndiwaonetse chimtali chenicheni. M'manja ndinali ndi botolo, lopanda kanthu, ndinali nditangolipempha kuti ndiziyezera mafuta ophikira. (Lemba kawiri kuti lopanda kanthu.) Ndili mkati mogwedeza, anyamata akuomba m'manja, fumbi lili koboo, ndinatembenuka n'kuona mabulauzi oyera ali ndandanda mumsewu. Amayi a mpingo onse, mabuku a nyimbo m'manja. Kutsogolo Anatembo.

Wailesi sinazime, koma ine ndinamva zii. Chiuno chinaima chokha, botolo linatsala m'mwamba. Anatembo anangoti, "Mwaswera, kumadre," ali kumsewu komweko, n'kupitirira. Onse anapitirira.

Loweruka kunabwera a mkulu wa mpingo. Anakana thobwa, anakana mpando. Ndinawalozera thabwa, ndinati abambo, inu munaphunzira, werengani, pali mawu a mowa apo? Anati palibe, awerenga kale. "Koma amayi, pa anthu odutsa pano ndi angati amawerenga? Ngakhale odziwawo, ali pa mota sawerenga. Amaona kunenepa kwa zilembo ndi kufiira kwake, adziwa kale kuti pano n'potani."

Ndinapita kwa Anatembo kukadandaula. Ndinawapeza akusola mtedza, sanandiyalire mphasa. Ndinafotokoza zonse, za botolo, za kantina, za kapulana ya malemu. Anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

"Kantina ija ndikuikumbuka," anatero. "Kutsogolo kapulana. Nanga kuseri ankagulitsa chiyani?"

Anadziyankha okha.

"Vinyu, kumadre. Amuna anu manyazi aja anakawasiya kuseriko asanakugulireni nsalu. Thukuta lija mukuti linali la chikondi?"

Zaka zonsezi, mwanawe. Ine kusunga zilembo mumtima ngati za m'Baibulo.

Ndinabwerera kwa a Zeka. Sananene kuti ndinakuuzani, anangoimba kamluzu. Anapaka thabwa lonse njereza, n'kulembapo zoonda zija za udzudzu, zabuluu, ngati za pakhomo la chipatala. Anyamata ndinawauza kuti mabotolo pano ayi. Sanakwiye. Anangosiya kuima. Tomasi yekha anabwera kangapo, kenaka ndinamva kuti anasamukira kumgodi wina.

Ndinasesa pansi pa mango, ndinatsuka mpando, ndinaphika thobwa Lachitatu kuti Lachinayi likhale lokoma. Amayi anadutsa, anapereka moni wabwino ndithu, koma miyendo sinakhote. Mchere amatuma ana. Mwana ungamuuze za Zambia? Amangoyang'ana mabolasha. Anatembo kutchalitchi timakhala benchi imodzi, amandigwira chanza, amati adzabwera ntchito ya kumunda ikachepa. Ntchito ya kumunda inachepapo liti? Thobwa lija ndinamwa ndekha mpaka linasasa, lotsala ndinapatsa nkhumba za aneba.

Tsopano tamvera. Mvula ya chaka chino yasukuluza njereza ya a Zeka. Tuluka ukaone, zamimba zija zayamba kusuzumira pansi pa zoondazo, kufiira kukuonekera, mchira wina watulukiratu. Dzana mota ina inachepetsa liwiro, mnyamata anacheuka, anayang'ana thabwa, anayang'ana ine. Anapitirira, koma anacheuka.

A Zeka anandipeza pamsika, anati amayi, bweretsani thabwa ndipakenso, ulere. Ndinati zikomo, ndibweretsa.

Phunziro ukuti? Lemba kuti chikwangwani chimaitana eni ake, osati amene iwe ukuwafuna. Walemba? Chabwino. Koma kwa a Zeka usapite nalo thabwalo. Lisiye pomwepo, mvula sinathe.