Kazitape amene anavundukulidwa pa chinkhoswe cha eni

Mpaka lero ndikaitanidwa ku chinkhoswe ndimakhala kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi njira yothawira. Anthu amati ndine wamanyazi. Si manyazi obadwa nawo ayi, ndinachita kuwapala ndekha ndili Fomu 3, pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko kufupi ndi Namitete. (Dzina la sukuluyo sinditchula, anandisunga bwino anthu aja.)

Chinayambitsa zonse ndi buku. Linalibe chikuto, masamba omaliza anali atathothoka, ndipo linkayenda m'hositelo mwathu bedi ndi bedi. Munali nkhani ya atsikana a kunja omwe ankaphunzira ngati ife tomwe, koma mseri anali akazitape. Ankatsata anthu osaonedwa, ankasintha zovala n'kusanduka munthu wina, ndipo aliyense anali ndi mnyamata womufera. Anzanga anawerenga n'kuiwala. Ine ndinaliwerenga katatu, n'kutsimikiza kuti ndapeza ntchito yomwe ndinabadwira. Ndinang'amba kope la Agirikatcha pakati n'kumalembamo yemwe wanong'oneza mnzake pa asembule.

Mnzanga wa ponda apa nane mpondepo anali Tadala, mtsikana wa ku Kabudula yemwe ankagona bedi la pamwamba pa langa. Tadala ankakonda mnyamata wina dzina lake Yamikani, wa Fomu 4 pa sukulu yoyendera, yemwe ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi komwe tinkapita Lamulungu titandanda awiriawiri. Dzina la Yamikani ndinkalimva podzuka, pochapa ndi posankha anankafumbwe m'nyemba. Sindinkatopa nalo chifukwa Tadala ndinkamukonda ngati m'bale wanga.

Lachinayi lina mayi wina wophika kukhitchini anatchula, osadziwa kuti akubaya munthu, kuti waona Yamikani pamsika akugula tambala ndi lichero, ndipo kwawo kuli chinkhoswe Loweruka. Tadala sanadye. Ndinamupeza kuseri kwa hositelo akulira ndi kamwa lotseka.

“Akukwatira,” anatero. “Munthu osandiuza n'komwe.”

“Mwina ndi cha m'bale wake.”

“Ndiye agule tambala ndi iyeyo? Bola nditangodziwa chimodzi, mtima ukhale pansi.”

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba mwanga munali bwinobwino, koma ndinadzipereka kukatsekula. Ndinamuuza kuti asiye kulira, pofika Loweruka madzulo akhala ndi lipoti lonse.

Ndinene pano chomwe ndinkaika pachiswe. Lamulo la sukulu linali loti wodumpha mpanda wopanda chilolezo akatenge kholo, ndipo bambo anga, mlimi wa fodya ku Nsaru, anali atandiuza kale osapsatira mawu: “Tsiku lomwe adzakubwezere kuno usadzavutike n'kubwerera. Fodya wofunika kusoka alipo wambiri.” Bambo anga sankabwereza mawu kawiri. Sukulu ndinkaikonda, ndipo kusoka fodya ndinkakudziwa bwino kuwawa kwake.

Koma ndinachita kafukufuku. Ndinapeza kuti matroni wathu, Mayi Nabanda, omwe ankatha kununkhiza mtsikana wosowa ali m'nyumba mwawo, apempha tchuthi Loweruka lomwelo chifukwa kwawo kunali zochitika. Ndinalemba m'kope muja kuti mwayi wagwa. (Kazitape wanzeru akanafunsa kuti zochitika zanji.)

Loweruka m'mawa, anzanga ali kalikiliki kuchapa, ndinatulukira pabowo la mpanda kuseri kwa dimba la sukulu. Ndinamanga chitenje pamwamba pa siketi, duku kumutu, chitenje china n'kufunda ngati mayi wothawa dzuwa. Ndinakaima pamjigo wa pafupi ndi tchalitchi, pomwe pankadutsa njira yochokera kwawo kwa Yamikani. Posakhalitsa kanatulukira kagulu ka abambo ndi amayi ovala bwino, Yamikani ali pakati, shati yoyera yopisira, tambala ali m'khwapa. Mtima wanga unagwa m'malo mwa Tadala. Ndinawatsata chapatali, kudutsa m'madimba, ndikubisala pa mtengo uliwonse ngakhale panalibe wocheuka. Amene ankandiyang'ana njira yonse anali tambala yekhayo.

Tinafika m'mudzi wina momwe anthu anali atadzaza m'chigafa cha fodya chosesedwa bwino. Ndikanangokhala pansi pakati pa amayi ndikanaona zonse n'kubwerera mwamtendere. Koma zimenezo zinandichepera. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndikasuzumire pazenera, ndione nkhope ya mkazi wolanda mnzangayo.

Ndisanafike n'komwe, dzanja lolimba linandigwira pamkono. Anali mayi wina wojintcha, thukuta lili kamukamu.

“Wachedwa iwe. Ndiwe wa achimwene a ku Mpingu uja eti?”

Buku lija linkati kazitape akapatsidwa dzina asakane.

“Eee,” ndinayankha.

“Msinkhu wake ndi womwewu. Lowa msanga.”

Mwambo wake mukuudziwa. Asanatulutse mwini chinkhoswe, akuchikazi amayamba atulutsa atsikana ena ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti aone ngati mwamunayo akumudziwadi mkazi wake. Atsikana otere amakhala apachibale, oti akavundukulidwa anthu aseke powazindikira. Ine ndinazindikira zomwe zikuchitika mayi uja atandikulunga kale m'chitenje changa chomwe, atandigwira paphewa, nthungululu zili pakamwa.

Ndinkangoona mapazi basi. Mapazi a ana, mapatapata, nsapato zopolishidwa za ankhoswe. Anandigwaditsa pamphasa. Kenaka patsogolo panga panaima nsapato zakuda zapulasitiki, imodzi yosokedwa ndi waya pachala. Nsapato zimenezo ndinkazidziwa kuposa zanga, chifukwa ndi zomwe zinkatidzutsa m'mamawa uliwonse. Mayi Nabanda anali azakhali a mkwatibwi, ndipo ntchito yovundukula atsikana inali yawo.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi, choti mwamunayo akane ndisanavundukulidwe. Koma dzanja la matroni litagwira m'mphepete mwa chitenje, linaima. Sukulu inkalamula kuti chovala chilichonse chikhale ndi dzina la mwini wake, ndipo amayi anga, pokhala munthu wosamala, anasoka langa ndi ulusi wofiira, zilembo zikuluzikulu, kuwonjezapo “Fomu 3”. Ndinamva matroni akuliwerenga chapansipansi, dzina langa ndi la bambo anga lomwe.

“Kodi ndi ameneyu?” anafunsa mokweza, mawu osanjenjemera n'komwe.

“Ayi, si ameneyo,” anayankha mwamuna wa mawu omwe sindinawadziwe.

Chitenje chinachoka. Mkwati anali bambo wandevu, mkulu wake wa Yamikani. Yamikani mwiniyo anali kumbuyo, akulimbana ndi tambala. Yankho la Tadala ndinalipeza, koma panalibe yemwe ankaseka. Anthu ankangoyang'anana.

“Nanga uyu ndi mwana wa yani?” anafunsa nkhoswe wina.

“Si wa ku Mpingu?” anatero mayi wojintcha uja.

“Wa ku Mpingu ndine,” anayankha bambo wina, “ndipo mwana wanga ndi uyo akudya nzimbe apoyo.”

Ndinalakalaka mphasa ija itandimeza. Matroni anandiyang'ana, kenaka anatembenukira kwa anthu.

“Ndi wanga uyu. Ndabwera naye kuti adzanditsukire mbale.”

Apo m'pomwe anthu anaseka, nyimbo n'kuyambiranso. Ndipo mbalezo ndinatsukadi, za mudzi wonse, mpaka zala kuchita makwinya.

Dzuwa litapendeka tinabwerera limodzi, iwo patsogolo ine pambuyo.

“Wakutuma ndani?”

“Palibe, Mayi.”

“Umatsata mnyamata?”

Ndinapukusa mutu. Sindikanatchula Tadala, chifukwa mlandu wa chibwenzi unali waukulu kuposa wanga.

“Chabwino. Lolemba m'mawa ubwere ndi chikwama chako, ukatenge bambo ako.”

Nditamuuza Tadala kuti wokwatira ndi mkulu wake wa Yamikani, anandikumbatira mpaka kundipweteka nthiti. Nditamuuza zotsalazo anandisiya pang'onopang'ono. Lamulungu lonse sanandilankhule. Zinandiwawa kwambiri, kuposa mantha a bambo anga, chifukwa ndinkaona ngati ndataya sukulu ndi mnzanga pa ulendo umodzi.

Lolemba ndinanyamula chikwama n'kupita kunyumba kwa matroni. Pakhonde ndinapeza Tadala atakhala kale pa sutikesi yake, bulangeti atalimanga ndi chingwe, ndowa ili pambali.

“Mayi, ndinamutuma ndine kuti akatsate Yamikani,” anatero Tadala matroni atatuluka. “Ngati akupita, tipitira limodzi. Kwathu ndi kwawo n'kufupi.”

Matroni anakhala pampando.

“Ndiye kuti uli pachibwenzi ndi mnyamata uja?”

“Eee, Mayi.”

“Chinayamba liti?”

“Temu yatha.”

“Amakulembera makalata?”

“Ayi.”

“Mumakumana kuti?”

“Sitikumana.”

“Nanga anakufunsira bwanji?”

Tadala anayang'ana pansi. “Sanandifunsire kwenikweni. Ndinaiwala buku la nyimbo, ndiye anandibwereka lake. Atanditsekulira kale tsamba.”

“Dzina lako amalidziwa?”

“Ndikuganiza kuti amalidziwa.”

Ine ndinatsegula pakamwa. Miyezi yonse ija ndinkamva za Yamikani, sindinafunsepo ngakhale funso limodzi mwa amenewa. Matroni anatembenukira kukhoma, ndipo mapewa awo ankagwedera. Atatembenukanso maso awo anali onyowa, koma nkhope ataibwezera m'malo mwake.

“Kabwezeni katundu wanuyo. Mutenge makasu awiri, mukakumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini, lakuya mpaka m'khosi mwa wamtali pa awirinu. Bowo la mpanda lija mulitseke. Makolo anu ali ndi ntchito, sindingawayendetse pa nkhani ya buku la nyimbo.”

Tinakumba masiku anayi, dothi lake louma ngati mwala. Tsiku lachitatu, matuza ali mbwee m'manja, ndinalumbira mumtima kuti za ukazitape ndasiya, munthu azidziwa malire ake. Pomwepo Tadala anatsamira mpini wa khasu n'kundifunsa kuti Yamikani anakhala pafupi ndi yani pa chinkhoswe paja. Ndinamuuza kuti ndi tambala, kungoti panali mtsikana wina wa diresi yobiriwira yemwe anamupatsira thobwa kawiri.

“Kawiri?”

“Kachiwiriko anachita kugwada.”

Tadala anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana. Tinali m'dzenje lofika m'chiuno, koma ndinadzimva ndikumufunsa ngati akudziwa tsiku lomwe matroni adzapitenso kwawo.